Soya wathu, kaphikidwe ka ku China

Pa holide ya 14 May, mabanja ambiri ku Dowa ndi Ntchisi phwando lake ndi mpunga wa nkhuku basi. Chonsecho nthawi imeneyi soya amakhala mbwee m'makomo, mavenda akumugula motchipa.

Soyayu kwawo ndi ku China, komwe amapangira chakudya chotchedwa tofu. Ine ndimapanga chonchi: ndimaviika soya usiku wonse, kusinja, kusefa, kuwiritsa mkaka wakewo n'kuthiramo madzi a mandimu. Ukaundana ndimaufinya pansalu, kuduladula, kenako kukazinga mphindi zochepa pamoto waukulu ndi adyo, jinja ndi tchayinizi wa kudimba.

Nanga tigulitsirenji soya yense kuti mawa tikagule masoya pisi pagolosale? Sungani ndowa imodzi, abale adye zachilendo zochokera m'munda mwawo momwe.