Lole ya mchenga idandidyera mbuzi ziwiri

Mvula ya namondwe wa Freddy itakata mu Malichi 2023, ndidazungulira kuseri kwa nyumba yanga ndipo zimene ndidaona zidandifoola nkhongono. Madzi ochokera padenga la malata, pamodzi ndi otsika kumtunda kwa bwalo, adali atakumba chigwembe m'mbali mwa khoma mpaka njerwa za maziko zidali pamtunda. Mayi a kunyumba adangoti, "Bambo, mvula ina ikabwera chonchi tidzagona panja."

Tidagwirizana zothira konkire m'mbali mwa khoma kuti madzi azitsetsereka kutali ndi maziko, kenako kudzala kapinga pabwalo. Ndalama padalibe, choncho ndidagulitsa mbuzi ziwiri.

Apa ndi pamene ndidalakwitsa, alimi anzanga. Ndidapita pamsika wathu pomwe pamaima malole odikira maganyu, nkupangana ndi dalaivala wina kuti andibweretsere lole imodzi ya mchenga. Sindidanene mtundu wa mchenga, sindidaone kukula kwa lole yake, ndipo ndalama ndidaperekeratu zonse. Mchengawo udabwera ine ndili kudimba. Pobwerako ndidapeza kamulu kakuda kali pakhomo, lole itapita kale.

Tidathirabe konkire ndi mchenga umenewo. Pasanathe miyezi iwiri idachita ming'alu ndipo imanyenyeka ukaikanda ndi msomali. Mbuzi zanga zidapita choncho. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Amene adanditsegula m'maso ndi mmisiri wina wachikulire wa m'mudzi moyandikana nafe. Adatapa mchenga wotsala uja, nkuufinya m'dzanja. Udagwirana ngati nsima ndipo dzanja lake lidada. Adati umenewu ndi mchenga wa kudambo, ndiponso wadothi lambiri. Wa kudambo woyera bwino amamangira njerwa, koma konkire imafuna mchenga wa mumtsinje, wokhakhala, womwe umamwazika ukatsegula dzanja.

Adandionetsanso njira yoyesera yosalira ndalama. Thirani mchenga m'botolo loonekera mpaka theka, onjezani madzi, khutchumulani kwambiri, nkulikhazika pansi maola angapo. Mchenga umakhala pansi, matope pamwamba. Matope akangokhala kamzere kopyapyala, mchengawo ndi wabwino. Akakhuthala ngati chala, usiyeni, chifukwa dothi limalepheretsa simenti kugwira mchenga ndi miyala.

Phunziro lachiwiri lidali la kuwerengera. Mmisiriyo adayeza malo ofunika konkire: mamita 20 m'litali, theka la mita m'lifupi, masentimita 10 kuchindikala. Adati imeneyi ndi kiyubiki mita imodzi. Muyezo wake ndi thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, wilibala imodzi ya mchenga ndi wilibala ziwiri za kwale, wilibalazo zosasefukira. Pa ntchito yonseyo pamafunika matumba 7 a simenti, wilibala 7 za mchenga ndi 14 za kwale, kuphatikizapo kale zotayika. Ndidagwira pakamwa. Ndidaitanitsa lole yathunthu pamene ngolo ya ng'ombe ikadandikwanira.

Ndipo lole ija sidali yathunthu. Kiyubiki mita imodzi ya mchenga imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, choncho lole ya matani 7 yonyamula mokwanira iyenera kukupatsani wilibala zoposa 60. Titawerengera zimene tidagwiritsa ntchito ndi zimene zidatsala pamulu, sizidafike ngakhale 45. Mawu akuti "tiripi imodzi" si muyezo. Malole amasiyana, ngolo zimasiyana, ndipo opakira amasiyana mtima.

Ulendo wachiwiri, mu Ogasiti chaka chomwecho, ndidachita mosiyana. Ndidamva kuti anansi anga awiri akufunanso mchenga, wina womangira khola la nkhumba, wina wa chimbudzi. Tidasonkherana lole imodzi, popeza gawo lalikulu la mtengo wa mchenga ndi mafuta a galimoto ndi malipiro a opakira. Mmodzi wa ife adakwera nawo lole kukaona kumene akukumba. Tidapangana kuti idzaze mpaka m'milomo, ndipo ndalama zotsala tidapereka katundu atatsika ife tikuona. Kenako tidagawana ndi wilibala imodzi, tikulemba mizere pakhoma ndi khala.

Kuona kumene mchenga ukuchokera kuli ndi phindu linanso. Ena amakumba m'magombe a mtsinje kapena pafupi ndi mlatho, ndipo mvula ikabwera gombe limagumuka nkudya madimba a anthu. Ife alimi ndife timalira. Funsani kwa amfumu kapena kukhonsolo za malo ololedwa, ndipo mchenga wa m'gombe muukane ngakhale utsike mtengo.

Kwale ndidagula kwa amayi oswa miyala ndi nyundo m'mbali mwa msewu. Ndidasankha miyala yolimba, ya misinkhu yosaposa chala chachikulu, yopanda fumbi ndi dothi. Mwala womwe umafumbutuka mukaumenya ndi unzake ndi wovunda, sulimbitsa konkire. Amayiwa amagulitsa pa wilibala kapena pa ndowa, choncho mumalipira zimene mwaona ndi maso.

Nthawi yoitanitsa nayo ndi yofunika. Kuyambira Juni mpaka Okutobala misewu ya kumudzi imakhala youma, lole imafika pakhomo osatitimira, ndipo mchenga sukhala wolemedwa ndi madzi. Konzeranitu potsitsira: pamalo olimba, osesedwa, osati panjira ya madzi, ndipo mchenga ndi kwale zisasakanikirane. Simenti gulani pomaliza, muisanjike pamatabwa m'nyumba, chifukwa ikakoka chinyontho imauma m'thumba momwemo. Konkire mukathira, ifunditseni udzu ndi kuithirira madzi masiku 7.

Chigwembe chija tidachikwirira ndi zidutswa za konkire yakale ndi dothi lofiira la nsangalabwi, tikusinja pang'onopang'ono ndi musi. Pabwalo pamafunika dothi lachonde. Nalonso lili ndi chinyengo chake: wogulitsa amatha kupakira katondo pansi pa ngolo nkuphimba ndi dothi lakuda pamwamba. Ine ndidalowetsa fosholo mpaka pansi ngolo isanatsitse. Yang'ananinso timizu ta dawe, chifukwa udzu umenewu ukalowa pabwalo kapena m'dimba umavuta kuuthetsa.

Manyowa ndidatenga ngolo ziwiri kwa mnzanga woweta ng'ombe, posinthana ndi mapesi. Ndidasankha a pamulu wakale, akuda, ofumbutuka, osanunkha ndi osatentha mukapisa dzanja. Manyowa aawisi amatentha mbewu zanthete ndiponso amabwera ndi njere za udzu.

Chomaliza adandiuza ndi alangizi a zaulimi. Adati konkire yokha siletsa madzi ochokera kumtunda. Tidadzala mzere wa udzu wa vetiva modula phiri kumtunda kwa nyumba, mapando ake motalikirana masentimita 10 mpaka 15. Ukakula umagwirana ngati mpanda, umachepetsa liwiro la madzi ndi kugwira dothi. Mbewu yake ndidapempha kwa mlimi mnzanga, sindidalipire kanthu.

Mvula yotsatira itabwera ndidaima pakhonde usiku ndi tochi kuyang'ana madzi akutsetsereka pakonkire kulowera ku nthochi. Khoma lidakhala louma, ndipo mpaka lero konkireyo ilibe mng'alu. Mbuzi ziwiri zija sizidabwerere, koma m'khola mwabadwa zina. Botolo lija ndidalisunga pazenera, ndipo aliyense m'mudzi muno amene akufuna kuitana lole amayamba wadzalibwereka.