Njira Yodutsa Pansi pa Mitengo Italiitali

Kumpoto kwa chigawo cha California m'dziko la Amereka kuli njira ya oyenda pansi yotchedwa Coastal Trail, yotalika makilomita oposa 100. Imadutsa m'nkhalango ya mitengo ya redwood, kenaka n'kutsetserekera ku mchenga wa nyanja yamchere ya Pacific. Madzi ake ngozizira zedi, osati onga a nyanja yathu ino amene ana amasambamo tsiku lonse.

Koma chimene chimaimitsa munthu ndi mitengoyo. Ina imakhala zaka zoposa 2,000. Wautali kuposa yonse pa dziko lapansi, umene anaupatsa dzina loti Hyperion, unapezeka m'chaka cha 2006 ndipo ngotalika mamitala pafupifupi 116. Subhanallah! Chonsecho mizu yake siilowa pansi kwenikweni. Imayanza m'mbali n'kulukana ndi mizu ya mitengo inzake, motero mphepo siigwetsa wamba. Mvula ikadula, mitengoyi imamwa nkhungu yochokera kunyanja.

Ocheka matabwa anayamba kuigwetsa cha m'ma 1850. Pa magawo 100 a nkhalango yakaleyo, otsala ndi 5 okha. Boma linakhazikitsa malo otetezedwa a Redwood National Park m'chaka cha 1968, zambiri zitapita kale.

Ngakhale oikonda nawonso amaipweteka. Mu 2022 akuluakulu a malowa analetsa anthu kufika pa Hyperion, poti alendo osiya njira anali kupondaponda nthaka ya patsinde ndi kutaya zinyalala. Analengeza kuti wopezeka kumeneko angalipitsidwe madola 5,000 ndi kukhala m'ndende miyezi 6.