Zinziri za m'khola, zinziri za m'udzu

Zinziri zambiri za ku Mchengautuwa, mumzinda wa Mzuzu, sizinaonepo tchire. Zimaswedwa ndi makina, zimakulira m'makola a waya kuseri kwa nyumba, kenako zimakathera pa mbaula ya wootcha nyama madzulo. Mlimi wake amakhalira kuwerenga masiku. Mtundu umene amaweta ndi wochokera ku Japan, ndipo umayamba kuikira ukangokwanitsa masabata 6 kapena 7, koma zofungatira mazira sudziwa. Pamafunika makina otenthetsa mazirawo kwa masiku 17 kapena 18, ndipo magetsi akathima nthawi yaitali, onse amasukuluka. Chakudya nachonso chimaboola m'thumba, poti zinziri siikira bwino ndi madeya okha, imafuna soya. Ambiri adalowa ulimiwu pomwe kudamveka mphekesera yoti mazira a zinziri amachiza matenda osiyanasiyana. Mphekeserayo itazilala, adatsala okhawo amene anali ndi owaoda okhazikika.

Alipo ena amene zinziri amaidziwa mwa kulira kwake: anyamata a malegeni ndi otchera misampha m'madambo. Awa ntchito ikuwathera m'manja. Zinziri yakutchire, nkhwali ndi nkhanga zimaikira pansi, m'kadzenje kobisika pakati pa udzu, ndiye dambo likasanduka mapuloti, madimba ndi maenje a oumba njerwa, mbalamezo zimasamuka osatsanzika.

Amene akufuna kuona anthu olembedwa ntchito yosamala udzu akwere galimoto ya ku Rumphi, alowe pa chipata cha Thazima, akafike ku Chelinda, m'paki ya Nyika. Nyika idakhazikitsidwa kukhala paki mu 1965, yoyamba m'dziko muno, ndipo kumtunda kwake ndi udzu wokhawokha mpaka pothera maso. Mitundu ya mbalame kumeneko imaposa 400. Woperekeza alendo oonera mbalame amadzuka m'bandakucha, chisanu chili gwaa, ndipo chida chake chenicheni ndi khutu. Mlendo wachokera ku London kudzaona namzeze wobiriwira woikira m'maenje a pansi nthawi ya dzinja, kapena nkhwali ya mapiko ofiira, ndiye woperekezayo ayenera kudziwa chitunda chake, ola lake, ndi dzina lake la m'buku. Yunivesite ya Mzuzu ku Luwinga imaphunzitsa za zokopa alendo, koma khutu lotere limaphunzitsidwa ndi miyendo. Mnyamata wa legeni uja atapatsidwa mpata, angapose ambiri a madigiri pa ntchitoyi.

Ntchito yosayamikika kwambiri ndi ya otentha tchire. Inde, osamala udzu amautentha dala. Mvula ikangotha, udzu usanaumitsitse, amayatsa zigawozigawo ndi kulambula njira zotchinga moto, kuti moto wa opha nyama mozembera wa mu Seputembala ndi Okutobala ukabwera upeze poti uthere. Moto woyambirirawo umayenda mofatsa, umasiya zitsotso za udzu zobisalamo mbalame. Wa m'chilimwe susiya kanthu. Ogwira ntchitoyi ambiri ndi aganyu ochokera m'midzi yozungulira, ophitsa moto ndi nthambi zaziwisi, utsi uli m'maso. Kuyambira mu 2023 boma likuyendetsa Nyika ndi Vwaza mogwirizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation.

Chondidandaulitsa n'chakuti kwathu kuno tikati kusamala chilengedwe timaganiza zodzala mitengo basi. Dzinja lililonse akuluakulu amajambulitsa atanyamula mbande, koma sindiona wojambulitsa ataima pa dambo limene waliteteza. Paini wa ku Chikangawa, mahekitala oposa 50,000, mbali yaikulu adadzalidwa pamene kale panali udzu wa mapiri a Viphya. Adapatsa ntchito ocheka matabwa ambirimbiri, ena mwa iwo okhala ku Mchengautuwa komweko, koma pansi pa paini zinziri siimangapo chisa.