Kukoma kwa Galimoto Kuli pa Ciongolero

Anthu ambiri aganiza kuti galimoto yamasewera yabwino ndi imene ili ndi injini yaikulu. Koma akatswiri a ku Japan anaonetsa kuti kukoma kwa galimoto kuli pa kumvera kwake pokhota.

M'caka ca 1989 kampani ya Mazda ya ku Hiroshima inatulutsa galimoto ya mipando iwiri yochedwa MX-5, potengera citsanzo ca Lotus Elan ya ku Britain ya 1962. Injini yake inali ya malita 1.6 cabe, koma galimoto yonse siinakwane makilogalamu 1,000. Kulemera kwake kunagawika pafupi-fupi mofanana kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mawilo a kumbuyo ndiwo anali kukankha. Cifukwa ca ici inali kutsata ciongolero monga kavalo womvera mbuye wake, ndipo woyendetsa anali kukondwa ngakhale pa liwiro locepa. Mtengo wakenso unali wotsika, kotero kuti pofika 2016 zinali zitapangidwa miliyoni imodzi.

Mphamvu zambiri zili ndi mtengo wake. Zidya mafuta, zitha matayala, ndiponso zinyenga woyendetsa kuthamanga mpaka agwe m'ngozi.

Inu ofuna kugula yogwirapo kale nchito, cenjerani. Yang'anani dzimbiri kunsi kwake, yesani mabuleki, ndipo onani ngati denga la nsalu silidontha. Kumbukiraninso kuti galimoto zotere n'zofupika, zifuna mseu wa tara. Pa mseu wa maenje wa kumudzi zigunda pansi, ndipo matumba a cimanga alibe malo m'menemo.