MPHUNZITSI AMENE ANAPEZA LUSO M'ZOMERA ZA M'MBALI MWA NJIRA

MWINI kamera akafika pamudzi anthu amathamangira kukasamba. Abambo amatulutsa jekete ya ku chalichi, amai amamanga duku latsopano, ana amadzozedwa mafuta, ndipo onse amaima cowongoka pakhomo. Cithunzi cikabwera, munthu aliyense amayamba wafuna nkhope yake. Kwa anthu ambiri nchito ya kamera ndi yomweyo: kusunga nkhope ya mbale, tsiku la ukwati, kapena ng'ombe imene yapambana pa cionetsero ca zaulimi.

Koma m'dziko la Jeremani munali mphunzitsi wina, dzina lake Karl Blossfeldt, amene anatha zaka zoposa 30 akulozetsa kamera yake pa zinthu zonga zimene mlimi amazula ndi kutaya popalira. Anajambula mphukira, mapesi, makoko a mbeu ndi maluwa a m'thengo, zonse pafupi kwambiri, nazikuza kufikira diso silingathe kuzizindikira msanga. Akuti zithunzi zimene anajambula zinafika 6,000. M'caka ca 1928, ali ndi zaka 63, zithunzi 120 mwa zimenezi zinasindikizidwa m'buku lochedwa Urformen der Kunst, kutanthauza kuti maonekedwe oyamba kumene luso linacokera. Buku limeneli linamuchukitsa ku Ulaya konse.

Cimodzi mwa zithunzi zake zodziwika bwino ndi ca tizingwe ta dzungu, tija timene dzungu limaponya poyanga kuti ligwire udzu kapena phesi la cimanga. Mai aliyense amene amachola ndiwo za masamba a maungu amatidula ndi kutitaya osatiyang'ana. Pa cithunzi ca Blossfeldt, tizingwe timeneti taima patokha, popanda tsamba, popanda dothi, tapotana bwino lomwe monga citsulo cimene mmisiri wacipinda pokongoletsa citseko ca nyumba ya mfumu. Munthu wosauzidwa angalumbire kuti ndi nchito ya wosula. Zithunzi zina zionetsa mphukira zopindika pamwamba ngati ndodo ya bishopu, zina mapesi a mfundomfundo ooneka ngati nsanja zazitali zomangidwa ndi njerwa, ndipo zina mphukira za mtengo zokhala ngati nkhope zosemedwa pa mzati.

ANAYAMBIRA KU NG'ANJO

Kuona citsulo m'dzungu sikunamubwerere mwangozi. Blossfeldt anabadwa pa 13 Juni 1865 m'mudzi wa Schielo, ku mapiri a Harz. M'caka ca 1881 anayamba kuphunzira nchito pamalo osungunulira citsulo ku Mägdesprung, kumene anali kuumba zikombole za masamba ndi maluwa okongoletsera zitseko ndi mipanda. Atapitiriza maphunziro ku Berlin, anapita ku Rome m'caka ca 1890 pamodzi ndi mphunzitsi wake Moritz Meurer, amene anali kusonkhanitsa zomera zophunzitsira amisiri. Anakhala pa nchito imeneyi kufikira 1896, ndipo anafikanso ku Greece ndi kumpoto kwa Afirika.

Kuyambira 1898 anaphunzitsa ku Berlin pa sukulu ya amisiri a zokongoletsa. Phunziro lake linali kuumba motsanzira zomera zamoyo. Apa anakumana ndi bvuto limene aliyense wochola duwa amalidziwa: duwa limafota. Ndiponso m'nyengo yozizira ya kumeneko zomera zambiri zimauma, pamene sukulu siitseka. Cina, mphukira ndi kanthu kakang'ono kamene ophunzira ambiri sangakaone onse nthawi imodzi. Cotero iye anayamba kujambula zomerazo ndi kuzikuza, kuti ophunzira aziona pa cipupa ndi kutsanzira. Zithunzizo zinali zida za m'kalasi monga coko ndi bolodi, ndipo mwini wake sanadziyese katswiri wa kamera ai.

Maluwa a m'minda ya anthu olemera sanali kuwasamala kwenikweni. Anali kuturuka mumzinda ndi kukafuna zomera zake m'mbali mwa njira, m'mbali mwa njanji ndi m'malo ena amene anthu amangodutsapo. Akafika nazo kunyumba anali kucotsa masamba ndi nthambi zosokoneza, kuimika comeraco ndi dongo kapena kacitsulo, ndi kuika pepala lopanda kanthu kumbuyo kwake. Pa cifukwa ici ena amanena kuti cimene anajambula si cilengedwe monga ciri, koma cilengedwe cimene mmisiri wayamba wacisadza. Zimenezo ndi zoona ndithu, koma woumba mbiya nayenso amayamba wasankha miyala m'dongo lake.

MVUKUTO WA KAMERA

Kamera imene anagwiritsa nchito anaipanga yekha, ndipo inali kutha kukuza cinthu kufikira nthawi 30. Cinsinsi cake cinali pa mtunda wa pakati pa galasi la kutsogolo ndi mbale ya galasi ya kumbuyo pamene cithunzi cimagwera. Galasi la kutsogolo likatalikira, cithunzi cimakula. Pakati pa ziwirizi pamakhala thumba lakuda lotha kufutukuka ndi kufupika, lofanana ndi mvukuto wa osula, lotsekereza kuwala kwa kunja.

Kukuza kumeneku kuli ndi mtengo wake. Cithunzi cikamakula kuwala kumamwazika ndi kucepa, monga mcere wa ndiwo za anthu awiri ukathiridwa mumphika wa pa maliro. Pojambula cinthu pa msinkhu wake weniweni, kamera imafuna kuwala kowirikiza nthawi 4 kuposa pojambula phiri lakutali. Pocikuza katatu imafuna nthawi 16, ndipo pocikuza kakhumi imafuna nthawi 121. Cotero diso la kamera liyenera kukhala lotseguka nthawi yaitali, ndipo nthawi yonseyo comera cisagwedezeke ngakhale pang'ono. Kamphepo kolowa pa zenera kapena phazi la munthu woyenda m'cipinda zikwanira kuononga nchito yonse.

Bvuto laciwiri ndi lakuti kamera ikayandikira kwambiri, malo ooneka bwino amapyapyala. Pa cithunzi ca ukwati, mkwatibwi ndi anthu oima kumbuyo kwake onse amaoneka bwino. Koma pa duwa lokuzidwa kakhumi, malo ooneka bwino sakwana ngakhale milimita imodzi. Nsonga ya duwa ikaoneka, tsinde lake limasanduka nkhungu. Blossfeldt analimbana ndi bvuto limeneli pofuna kuti mzere uliwonse uoneke. Ojambula ambiri a pambuyo pake acita mosiyana: amalola dala nkhunguyo kudzaza cithunzi, nasiya mzere umodzi wokha wakuthwa pakati pa mitundu yosungunuka, kotero kuti duwa silidziwikanso kuti ndi duwa.

KODI NDI LUSO?

M'caka ca 1926 mwini nyumba yoonetsera zaluso ku Berlin, Karl Nierendorf, anaona zithunzi za mphunzitsiyo nazipacika pa cionetsero. Zaka ziwiri pambuyo pake buku lija linaturuka, ndipo m'caka ca 1929 linasindikizidwanso m'Cingerezi. Wolemba wochuka Walter Benjamin analiyamikira pa cifukwa cakuti linaonetsa anthu dziko limene maso awo anali asanalione, ngakhale linali pa mapazi awo masiku onse.

Komabe funso silinathe, ndipo mpaka lero limafunsidwa. Ngati comera cinamera cokha ndipo kamera yangolemba cimene ciripo, nanga luso la munthu liri pati? Ndipo cithunzi cimene woona sangadziwe kuti ndi ca ciani, phindu lake nciani?

Yankho la funso loyamba liri m'kusankha. Pa tizingwe ta dzungu tosawerengeka, munthuyo anasankha towerengeka, nasankha mbali yoticokera kuwala, nasankhanso pamene cithunzi ciyenera kuthera. Anthu awiri atapatsidwa dzungu limodzi ndi kamera imodzi sangaturutse cithunzi cofanana. Funso laciwiri siliyenera kubvuta munthu wa pamudzi. Mizere ya pa khosi la mbiya, mangamanga a pa mphasa ndi pa dengu, ndiponso mikanda ya m'khosi, zonsezi sizionetsa nkhope ya munthu kapena nyama, koma palibe amene amafunsa kuti ndi cithunzi ca yani. Diso limakondwera ndi kubwerezabwereza kwa mzere monga khutu likondwera ndi ng'oma, imene siinena mau.

Tsono pali cinyengo cimodzi cimene ciyenera kunenedwa. Cinthu ciriconse cikakuzidwa cimadabwitsa, ngakhale nyenyeswa ya nsima, ndipo ojambula ambiri amaganiza kuti kudabwitsa kumeneko ndiko luso. Zithunzi zotere zimatopetsa msanga. Za Blossfeldt zakhalitsa cifukwa iye anali kudziwa cimene anali kufuna asanatsegule kamera, pakuti manja ake anali ataumba kale masamba ambirimbiri.

NDI MIYALA YOMWE

Duwa limafota, koma mwala umadikira. Ku America, Edward Weston anayamba m'caka ca 1929 kujambula miyala ya pa Point Lobos, m'mphepete mwa nyanja ku California, imene mafunde aisema kwa zaka zosawerengeka. Anaiyandikira kotero kuti pa zithunzi zina palibe thambo, palibe mtengo, palibe ciriconse couza woona ngati mwalawo ndi waukulu ngati nyumba kapena waung'ono ngati mphero. Mjeremani wina, Albert Renger-Patzsch, anaturutsa buku la zithunzi za miyala yokhayokha lochedwa Gestein m'caka ca 1966, cimene cinalinso caka ca imfa yake.

Anthu amenewa anajambula zakuda ndi zoyera. Pamene zithunzi za mitundu zinafala, ojambula anatembenukira ku miyala yoceka ndi kupukuta, ndipo umodzi mwa imene amaikonda ndi mwala wobiriwira wochedwa malachite, umene umapezeka m'dera la migodi ya mkuwa muno m'Zambia ndi kutsidya ku Katanga. Kubiriwira kwake kumacokera ku mkuwa umene uli m'kati mwake, ndipo ndi miyala ya mtundu umenewu imene makolo anali kusungunula pa Kansanshi Azungu asanafike. Mwalawu umapangika pamene madzi odontha pansi asiya mkuwa pang'onopang'ono, mzere pamwamba pa mzere unzake, wina wobiriwira modera, wina mowala. Kacidutswa kosaposa cikhadabo kakakuzidwa, kamaoneka ngati mitsinje ndi madambo poziona ucokera m'ndege. Bvuto la wojambula pamenepa si mphepo koma kunyezimira: mwala wopukutidwa umabweza kuwala ngati kalirole, cotero nyali iyenera kuikidwa cam'mbali kapena kuphimbidwa ndi kansaru koyera.

Masiku ano nchitoyi yapepuka. Mafoni ambiri a m'manja amatha kujambula pafupi, ndipo akatswiri amajambula zithunzi makumimakumi za duwa limodzi, ciriconse cooneka bwino pamalo ake, kenaka kompyuta imazilumikiza kukhala cimodzi. Blossfeldt analibe zonsezi. Anapuma pa nchito m'caka ca 1930, naturutsa buku laciwiri lochedwa Wundergarten der Natur m'caka ca 1932, ndipo anamwalira ku Berlin pa 9 Disembala caka comweco. Zithunzi zimene anapangira ana a sukulu tsopano zimasungidwa m'nyumba zazikulu za zaluso ku Munich ndi ku New York.

Kunena za tizingwe ta dzungu, pali cinthu cimodzi cimene sicifuna kamera. Kacingwe kakangogwira phesi, kamayamba kupotana kuti kakokere dzungu pafupi. Koma popeza nsonga zake zonse ziwiri zagwira, sikangapotanire mbali imodzi yokha: mbali ina imapotanira kumanja, ina kumanzere, ndipo pakati pamatsala kamalo kosapotana pamene kamatembenukira. Charles Darwin analemba za cimeneci m'caka ca 1865, caka cimene Blossfeldt anabadwa. M'minda ya kuno cimaoneka bwino mu Januwale ndi Febuluwale, maungu akayamba kukwera cimanga.