Mchere, Mtima ndi Kukodza Usiku

M'phunziro lino tiona chifukwa chake odwala mtima amadzukadzuka usiku kukataya madzi, ndiponso mmene kuchepetsa mchere kungawathandizire.

Ku Mhangura, m'boma la Makonde, ndi m'mafamu ozungulira muli okalamba ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ena anatsalira komweko mgodi wa kopa utatsekedwa mu 2000, ndipo akulera zidzukulu zomwe inu mumaphunzitsa. Gogo akamadzuka kanayi usiku umodzi, tulo palibe, ndipo atha kugwa mumdima popita kuchimbudzi.

Nanga mchere ukulowapo bwanji? Mchere umasunga madzi m'thupi komanso umapatsa ludzu. Mtima wofooka supopa magazi mokwanira, choncho masana madziwo amatsikira m'miyendo, mapazi n'kutupa. Munthu akangogona, madzi aja amabwerera m'magazi, impso n'kuwasefa, chikhodzodzo n'kudzaza.

Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya mchere wosafika magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi basi. Mu 2017, akatswiri a pa yunivesite ya Nagasaki ku Japan anapeza kuti anthu omwe anatsitsa mchere kuchoka pa magalamu 10.7 kufika pa 8 ankadzuka kamodzi kapena kawiri, pomwe kale ankadzuka kawiri kapena katatu.

Mchere wambiri sitiuona ayi. Umabisala mu kapenta wouma, nyama yofutsa, supu wa m'mapaketi ndi buledi. Soda wothira m'therere nayenso amasunga madzi m'thupi. Pophika, viikani kaye kapenta m'madzi n'kutaya madziwo. Ndiwo zizikoma ndi anyezi, tomato kapena nsinjiro, ndipo mbale ya mchere isafike podyera. Pang'ono pomwe mwathirapo pakhale pa mchere wa ayodini.

Chenjezo: kuchepetsa mchere sikulowa m'malo mwa mankhwala. Mapiritsi okodzetsa, monga furosemide, kawirikawiri amamwedwa m'mawa, ndipo wodwala asasiye kapena kusintha nthawi yake popanda kufunsa achipatala. Matenda a shuga, komanso kukula kwa prostate mwa abambo, amakodzetsanso usiku. Ngati gogo akubanika akagona chagada, apite kuchipatala msanga.

Ntchito
1. Uzani ophunzira alembe zakudya zonse zomwe anadya dzulo kwawo, kenaka achonge zomwe zili ndi mchere wobisika.
2. Kambiranani mmene mwana angafotokozere agogo ake nkhaniyi mwaulemu.