Ndege yoyamba inapangidwa ndi okonza njinga

Mukafunsa ana a Sitandade 5 kapena 6 kuti chimaulutsa ndege n'chiyani, ambiri amati injini. Pasukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Madisi, komwe aphunzitsi anandiitana kuti ndikacheze ndi ana za ntchito yanga yokonza ndege, mnyamata wina anaimika mkono n'kunena kuti, "Bambo, agogo amati azungu ali ndi mankhwala awo, ngati mmene afiti amaulukira pa lichero." Anzake anaseka. Ine ndinangomwetulira, poti ndikudziwa akuluakulu ena ovala mataye amene mumtima amaganiza chomwecho akamakwera ndege ku Lumbadzi.

Mu ndege mulibe mankhwala, ndipo injini si imene inavuta kwambiri pachiyambi. Chimene chinazunguza anthu mitu kwa zaka zambiri ndi chinthu chomwe mwana aliyense wodziwa kupalasa njinga anachiphunzira kale ndi maondo ake onyuka: kukhazikika pa chinthu chofuna kugwa, n'kuchikhotetsa kupita komwe ukufuna.

Wilbur Wright ndi mng'ono wake Orville anali ndi shopu yokonza, kupanga ndi kugulitsa njinga ku Dayton, m'chigawo cha Ohio ku America. Onse awiri analibe satifiketi ya sekondale. Ali ana, mu 1878, bambo awo omwe anali bishopu anawabweretsera kachidole ka nsungwi, pepala ndi mphira, kamene ukakapotokola n'kukasiya kankakwera mpaka kudenga. Anasewera nako mpaka kanathyoka, kenako anayamba kupanga tawo. Ana a ku Madisi atamva zimenezi anayang'anizana, chifukwa magalimoto a mawaya amapanga okha.

Nthawi imeneyo ena anali atayesa kale. Otto Lilienthal wa ku Germany ankadzimangirira mapiko n'kumathamanga kutsika chitunda, ndipo ankayandamadi m'mwamba popanda injini. Powongola ankangoponya miyendo uku ndi uku. Mu Ogasiti 1896 anagwa, ndipo anamwalira tsiku lotsatira. Samuel Langley, katswiri wotchuka wa sayansi ku Washington, analandira madola 50,000 kuchokera ku boma, ndipo anali ndi injini yamphamvu kuposa ya anyamata a njinga aja kangapo. Ndege yake inagwera mumtsinje wa Potomac kawiri, mu Okutobala ndi pa 8 Disembala 1903.

Wilbur anayamba ndi kuyang'ana mbalame. Inunso yang'anani kabawi akamazungulira pamwamba pa mudzi kusaka anapiye. Sakupiza mapiko kawirikawiri. Akafuna kukhota, amapotoza nsonga ya phiko limodzi pang'ono, thupi lonse n'kupendekera mbali imene akulowera. Ambiri oyesa kuuluka ankaopa kupendekeka, ankafuna ndege yongoyenda chilili. Okonza njinga sankaopa, chifukwa ankadziwa kuti pakona njinga umaipendeketsa dala, ndipo ukakana kutero ndiye umagwa. Tsiku lina Wilbur akucheza ndi kasitomala mushopu, anagwira katoni yaitali yomwe munali chubu cha njinga n'kuipotoza m'manja. Pomwepo anaona njira yopotozera mapiko awiri osanjikizana pogwiritsa ntchito mawaya.

Apa ndi pomwe ana amafunsa kuti nanga phikolo limanyamula bwanji chitsulo. Phiko limakhala lopendekera m'mwamba pang'ono kutsogolo. Likamathamanga, limakankhira mpweya pansi, ndipo mpweyawo umalikankhira m'mwamba. Liwiro likakula, mphamvuyo imakulanso mpaka kuposa kulemera kwa ndege. Koma ukalipendeketsa mopitirira, mpweya umaleka kutsata msana wa phiko, mphamvu ija imatha mwadzidzidzi, ndege n'kuyamba kugwa. Woyendetsa ndege aliyense amaphunzitsidwa kuzindikira nthawi imeneyi ndi kutsitsa mphuno msanga. Ntchito ya injini ndi kupereka liwiro basi.

Abale awiriwa anafunsa ofesi yoona zanyengo za malo amphepo, ndipo mu 1900 anasankha Kitty Hawk, pagombe la mchenga ku North Carolina. Mphepo ikamawomba kuchokera kutsogolo, phiko limapeza liwiro ndege isanathamange n'komwe, n'chifukwa chake mpaka lero ndege zimanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo. Ndege zawo zopanda injini za 1900 ndi 1901 sizinanyamule monga manambala a m'mabuku ankanenera. M'malo mokhulupirira mabukuwo, anapanga bokosi lathabwa, n'kuika chopemerera mphepo kumapeto kwake, n'kuyesamo timapiko pafupifupi 200 ta maonekedwe osiyanasiyana. Kwa ine, bokosi limeneli ndi lofunika kuposa chithunzi chotchuka chija cha ndege ikunyamuka, koma m'mabuku a ana simulipeza kawirikawiri.

Winanso amene amaiwalika ndi Charlie Taylor, makaniki wa mushopu ya njinga ija. Makampani a injini atakanika kuwapatsa injini yopepuka, iye anaisula m'masabata asanu ndi limodzi: masilinda anayi, mahosipawa 12. Ife okonza ndege timamutenga ngati kholo lathu, ndipo ndimamutchula dala kulikonse, poti ulemu wonse umapita kwa ovala yunifolomu yoyera pomwe wa ovolosi ya girisi anagona pansi pa phiko usiku wonse. Injini ya Taylor inkazunguza mapulopela awiri kudzera m'matcheni, monga momwe mapedulo amazunguzira tayala la kumbuyo.

Pa 17 Disembala 1903, patangotha masiku asanu ndi anayi chigwereni ndege ya Langley, Orville anagona chafufumimba pa phiko lapansi, chiuno chili m'kathabwa kokoka mawaya opotoza mapiko. Anauluka masekondi 12, mtunda wa mamita pafupifupi 37. Boeing 737-800, ngati zimene zimatera pa bwalo la Kamuzu International, ndi yaitali kuposa ulendo wonsewo. Ulendo wachinayi tsiku lomwelo, Wilbur anakhala m'mwamba masekondi 59 n'kuyenda mamita 260. Pofika Okutobala 1905 anali akuzungulira m'mwamba mphindi 39 osatera. Ndege za lero sizipotozanso phiko lonse, zili ndi timapiko tating'ono tokwera ndi kutsika kumapeto kwa mapiko ndi kumchira, koma zimachita zinthu zitatu zomwe ndege ya abale aja inkachita: kupendekeka, kukweza kapena kutsitsa mphuno, ndi kukhotetsa mphuno kumanja kapena kumanzere. Mukakhala pawindo, tiyang'aneni tikugwedezeka ndege isananyamuke. Woyendetsa amakhala akutiyesa.

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo monga ena amaganizira. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene anaphunzirako pa Madisi Secondary School, anapanga makina ake amphepo ndi felemu ya njinga, dainamo ndi mapaipi apulasitiki. Mapiko a makina amenewo ndi pulopela yogwira ntchito chobwerera: m'malo moti injini izunguze mapiko kukankha mpweya, mpweya ndiwo umazunguza mapiko. Ndipo mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera timadironi pa bwalo la ndege la Kasungu, mtunda wochepa kumpoto kwa Madisi potsata msewu wa M1.

Aphunzitsi, simufunika labotale. Mwana aliyense apinde ndege ya pepala, aiponye, anzake ayeze mtunda ndi mapazi n'kulemba pa bolodi. Kenako apinde m'mphepete mwa kumbuyo kwa mapiko onse awiri kuloza m'mwamba pang'ono: mphuno idzakwera. Akawonjeza kupindako, ndegeyo idzakwera, kuima, n'kugwa chamutu. Pomaliza apinde phiko limodzi kuloza m'mwamba, lina kuloza pansi, ndipo asanaponye, aliyense anene mbali imene ipendekere. Chitani zimenezi m'kalasi mazenera atatsekedwa, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julaye, chifukwa mwera wa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi usokoneza manambala onse.